Keyala

Akulu a mpingo ku Rosettenville
anandipatsa buku la chikuto cholimba,
bolopeni ziwiri ndi timapepala ta uthenga mazana atatu.
Anati: A Lufeyo, pitani kwa anthu a matirole aja,
otola zigubu ndi makatoni,
mukalembe dzina, zaka, keyala.

Dzina ndinalemba.
Zaka tinangoyerekeza.
Pa keyala bolopeni inaima.

Lachitatu loyamba ndinawapeza m'mbali mwa khwawa
akuwotha moto wa matabwa, asanu ndi awiri.
Lachitatu lotsatira ndinapeza phulusa,
jombo imodzi, chitini cha tiyi chophwanyika,
ndi zidindo za matayala a apolisi m'matope.
Buledi ndinagula uja ndinadya ndekha mu takisi,
ndikuyang'ana kunja ngati wolakwa.

Njira anandiphunzitsa ndi Motlatsi.
Iye anakulira m'mapiri a ku Lesotho,
kukwera ndi nkhosa mvula ikayamba,
kutsika nazo chisanu chikaluma.
Anati: Usatifune pomwe tinagona dzulo.
Tifune pomwe mabini atulutsidwa lero.
Lolemba kuno, Lachiwiri kutsidya kwa msewu waukulu.
Msipu wathu umayenda pa matayala awiri.

Ndiye ndinayamba kudzuka folo koloko.
Ndinalalikira ndikuthamanga, wefuwefu,
kumbuyo kwa thumba lalikulu kuposa chipinda changa
pa mtsetse wa ku Melville:
theka la vesi, hutala wa galimoto, theka linalo.
Chisotho changa chotsimphina,
Chizulu changa chobwereka kwa alonda.

Tsiku lina nditafika pa nkhosa yotayika
anaponda buleki ndi chidendene, phula n'kulira.
Zotsala zija, anatero, zija zosatayika,
anasiyira yani?
Nkhandwe zinali patchuthi?
Ndinatsegula pakamwa, mawu anakana kutuluka.
Panali mnyamata, anadziyankha yekha.
Nthawi zonse pamakhala mnyamata
wofunda bulangete, wosalembedwa m'buku.
Ine ndinali mnyamatayo.

Vesi imeneyo ndinaiwerenganso usiku, katatu.
Mnyamata sindinamuone.
Koma sindinaiwerengenso ngati kale.

Timapepala tanga ankalandira ndi manja awiri.
Loweruka lina ndinatiwona pa sikelo ku Booysens,
titamangidwa bwinobwino ndi lamya.
Pepala loyera limalipira, anatero wopanda manyazi,
Mulungu wako watigulira palafini.
Kenako anavula chipewa n'kundionetsa kamodzi,
kopindapinda, kakuda ndi thukuta.
Kumbuyo kwake analembako nambala ya mwana wake wamkazi.
Kutsogoloko, anati, amandiwerengera Thabiso
mvula ikatitsekera pansi pa mlatho.

Mu Juni eni nyumba anasintha loko.
Chitupa changa chinali chitatha kale mphamvu,
ndikanakadandaula kwa yani?
Turffontein, Malvern, Yeoville, Turffontein kachiwiri:
ndinawerenga zipinda pa zala, dzanja linatha.
Kwathu ku Ntcheu amati ndili ku Joni,
ngati Joni ndi nyumba yokhala ndi chitseko.

Anabwera mbandakucha, ndani anamuuza kaya.
Matiresi pansi, sutikesi pakati,
mbaula, ndowa, jekete ya pa Mgonero,
Baibulo pamwamba, lomangidwa ndi lamya yomwe ija.
Tinadutsa maloboti asanu, iye kutsogolo, ine pambuyo.
Ndalama anakana.
Anangoti: Katundu wako ndi wochepa, m'busa.
Ukhoza kukhala mmodzi wa ife.

Mawa akulu akufuna lipoti.
Adzafunsa: Mwakolola miyoyo ingati?
Obatizidwa palibe.
Awiri amapempherera limodzi nane tikamadikira sikelo,
mmodzi amanditenga ngati wamisala wabwino,
Thabiso anasowa mu Ogasiti, sitikudziwa.

M'bukumo muli maina khumi ndi asanu ndi awiri.
Lomalizalo ndi langa.
Pa keyala ndalemba chimodzimodzi kwa tonse:
Lachinayi, kusanache,
kumene mabini atulutsidwa.